Mutu 6: Dzanja la Pachifuwa

1. Lolemba masana

Anthu ambiri odutsa pa msewu wa ku Chintheche sadziwa kuti kuseri kwa mitengo ya labala kuli bwalo la gofu. Sitingawadzudzule. Bwalolo lili ndi maenje asanu ndi anayi okha, ndipo mbali ina mbuzi zinailanda kalekale osapempha munthu. Pozungulira dzenje lililonse palibe kapinga wosalala ngati wa pa kanema. Pali mchenga wothiridwa oyilo wakale wa mathirakitala, ndipo womaliza kusewera amausalaza ndi chitsulo.

Kale linali bwalo la mabwana a esiteti. Makadi, omwe ankanyamulira mabwanawo zikwama za ndodo, ankaloledwa kusewera Lolemba masana basi. Mabwana aja anapita, ena kwawo, ena kumanda, koma mwambo wa Lolemba unatsala. Mpaka lero ocheka labala angapo akaweruka amasamba utomoni m'manja n'kutsikira kubwalo.

Sabina Makawa, mtsikana wa Folomu 3, sankaphonya Lolemba. Ankathamanga kuchokera kusukulu, n'kusintha yunifolomu, n'kunyamula ndodo zisanu za malemu bambo ake, a Dickson, omwe anamwalira iye ali Sitandade 7. A Dickson anabwera ndi makolo awo kuchokera ku Thyolo ali aang'ono. Anayamba ndi ukadi, ndipo atakula anapatsidwa mpeni ndi ndowa n'kukhala wocheka labala ngati anzawo.

Kamenyedwe kawo ka mpira kanali kodziwika esiteti yonse. Ndodo sankaikoka mpaka pamwamba. Ankaiimitsa ikangofika pachifuwa, n'kugwedeza phewa pang'ono, n'kumenya. Mpira ukangonyamuka, dzanja lamanzere linkachoka pa ndodo n'kukakhala pamtima, munthu n'kuima chilili ngati akuimba nyimbo ya fuko. Anzawo ankati ndi matama. Iwo ankangoseka.

Sabina sanaphunzitsidwe ndi mawu. Ali wamng'ono ankaima kumbuyo kwa bambo ake ndi kandodo ka mtengo wa gwafa, n'kumachita chilichonse chimene iwo achita. Pofika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ankamenya ndendende ngati iwo, mpaka kadzanja ka pamtima komwe. Madoda a kubwalo akamuona ankapukusa mitu. "Dickson wadzuka," ankatero, ndipo Sabina ankamva kukoma.

Panali munthu wina amene sankaphonya Lolemba. Anali amayi ake, a Alice, omwe ankagwira ntchito ku nazale ya mbande za labala. Za gofu sankadziwa kalikonse, ndipo sankafuna n'kudziwa komwe. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi poyambira dzenje lachisanu ndi chimodzi, n'kudikira kuti mwana wawo afike pamenepo amenye.

"Chithunzi cha bambo ako chinadyedwa ndi chiswe," anamuuza tsiku lina pobwerera kunyumba. "Koma iwe ukamenya mpira uja, ndimawaona ali chiimire. Ndimabwera kudzaona iwowo, usadzinamize kuti ndimabwera kudzaona kampira kako."

Anaseka onse awiri, koma Sabina anadziwa kuti amayi ake sakunena zoseka.

2. Mipira itatu

Lolemba lina m'mwezi wa June kunafika kagalimoto koyera. Munatsika Mayi Sibongile Jere, mphunzitsi wopuma wa ku Mzuzu, amene ankayendayenda m'mabwalo kufunafuna achinyamata oti apite nawo ku mpikisano wa ku Lilongwe. Anayenda pambuyo pa Sabina maenje onse, osalankhula, akungolemba m'kabuku.

"Pafupi ndi dzenje manja ako ndi abwino kuposa a ana onse amene ndawaona chaka chino," anatero pomaliza. "Koma mpira wako ndi waufupi, mwana wanga, ndipo mabwalo a ku Lilongwe ndi aatali. Pa dzenje lachisanu ndi chimodzi paja, bwanji unamenya kuti mpira ugwere tsidya lino la dambo?"

"Ndi mmene bambo ankachitira, madamu. Ankamenya kawiri."

"Chabwino. Malo a mtsikana ndatsala nawo amodzi. Ndibweranso pakatha masabata atatu ndipo ndidzakupatsa mipira itatu. Iwiri ikadzawoloka dambo lija ndi kumenya kumodzi, malowo ndi ako. Ikadzalephera, ndidzatenga mtsikana wina wa ku Mzuzu."

Dambo limenelo linali la mabango, matope ndi achule. Linadya mipira ya mabwana zaka zosawerengeka ndipo linali lisanakhutebe. Sabina anali asanaliwolotsepo mpira ndi kamodzi komwe.

Monga amachitira achinyamata ambiri, anaganiza kuti mankhwala ake ndi mphamvu. Masiku anayi otsatizana anamenya mipira ngati akuwaza nkhuni, mpaka m'manja munatuluka matuza. Ina inkagwera m'mabango. Ina inkakhotera kumanja n'kukagunda mitengo ya labala imene sinamulakwire kanthu.

3. Mawu a Ada Kamanga

Loweruka m'mawa anamupeza a Fletcher Kamanga, Mtonga wa ku Bandawe amene kale anali mkulu wa makadi. Tsopano anali atakalamba, koma ndi iwo amene ankabwerabe pa njinga kudzathira oyilo pamchenga. Aliyense ankawatchula kuti Ada Kamanga, ndiko kuti Bambo Kamanga m'Chitonga.

"Wayuka uli, Sabina?" anamupatsa moni wa m'mawa m'Chitonga.

"Ndayuka umampha, Ada."

"Umampha wake uti, manja ali magazi chonchi? Ndakumva ndili kumsewu. Mpirawo unakubera chiyani?"

Sabina anawafotokozera za Mayi Jere ndi mipira itatu. Mkuluyo anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anakhala pa muzu, n'kumuuza kuti amenye umodzi. Sabina anamenya. Ndodo inaima pachifuwa, phewa linagwedera, dzanja linathawira pamtima, ndipo mpira unalowa m'mabango.

"Khala apa," anatero Ada Kamanga. "Ndikuuze nkhani imene ndaisunga zaka makumi awiri. Ikundilemera.

"Iwe ukuganiza kuti ada wako anabadwa akumenya chonchi. Ayi. Dickson ali ndi zaka ngati zakozi ankakoka ndodo mpaka kuseri kwa khosi, msana wonse utayang'ana kudambo. Mpira ukanyamuka unkalira mluzu, ndipo unkagwa kutali tsidya linalo, dambo osalidziwa n'komwe. Bwana wina ankasiya ofesi Lolemba kudzangomuonerera. Ine ndi amene ndinamugwiritsa ndodo koyamba, ndiye sindikukamba zongomva.

"Chaka china cha mvula yambiri anaterereka pa chitunda cha kumtunda uko, atanyamula ndowa ziwiri za utomoni pa mtengo wa paphewa. Anagwera phewa lamanzere. Kuchipatala sanapite. Ankaopa kuti akamulemba kuti ndi wovulala ntchito ithera pomwepo, chonsecho anali atangotomera ama wako. Anamanga nsanza, m'mawa mwake n'kubwerera ku mitengo. Fupa linapola mokhota.

"Kuyambira pamenepo mkono sunakwerenso kupitirira chifuwa. Kugwedeza phewa kuja kunali kufunafuna pamene sipakupweteka. Dzanja limene iwe umaliika pamtima monyadira, iye ankalichotsa pa ndodo chifukwa ululu unkamubaya. Anzake akati ndi matama ankaseka nawo, kuti asamufunse zambiri.

"Tsono iwe phewa lako ndi labwinobwino. Ukutsimphina mwendo wosavulala chifukwa unaona munthu amene umamukonda akutsimphina. Nanenso ndili ndi mlandu. Ndinakuona ukuyamba, ndinangokhala chete, chifukwa zinkandikomera kumuonanso mnzanga. Ife akuluakulu timalakwa choncho nthawi zina. Timasangalala kuti mwana akutikumbutsa munthu wina, n'kuiwala kufunsa ngati zikumuthandiza mwanayo."

Sabina anayang'ana dzanja lake lamanzere nthawi yaitali. Chisoni chinamugwira, ndipo misozi inagwera pa siketi.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikutsanzira kupweteka kwa bambo?"

"Eya, mwana wangu."

"Nanga ndikasintha, amayi azidzaona chiyani Lolemba?"

Ada Kamanga anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Funso limenelo ndi lalikulu kuposa dambo," anatero. "Kamenyedwe kamene Dickson anataya ndikuphunzitsa, ukafuna. Koma mvera chenjezo langa. Upite lero lomwe ukawauze ama wako. Ukakhale nawo pansi, uwauze chimene ukufuna kuchita ndi chifukwa chake. Akalira, alire ali m'nyumba mwawo. Usawasiye kuti adzazionere pabwalo, pamaso pa anthu, osakonzekera. Munthu wamasiye ali ndi tinthu tochepa timene watsala nato. Ukafuna kumuchotsera kamodzi, uyambe wapempha."

"Ndikawauza, Ada."

"Yewu, chabwino. Tenga ndodo."

4. Kamenyedwe kawiri

Phunziro loyamba linalibe mpira. Ada Kamanga anamuuza kuti aike ndodo mopingasa pamapewa, aigwire ndi manja opingasa, atembenuke mpaka msana utayang'ana kudambo.

"Phewa lamanzere lilowe pansi pa chibwano. Mutu usayende. Thupi lilemere pa mwendo wamanja. Ima pamenepo, uwerenge wani. Tsopano usayambe ndi manja. Chiuno ndicho chiyambe kubwerera, manja azitsatira. Ukamaliza mchombo uyang'ane kumene mpira ukupita, chidendene chamanja chili m'mwamba."

Sabina anachita zimenezi kambirimbiri mpaka m'nthiti munawawa. Atamupatsa mpira anagwira ndodo mofinya, ndipo mkuluyo anamumenya pang'ono pa zala ndi kamtengo.

"Unawaonapo ocheka labala akugwira mpeni? Ukaufinya umalowa kwambiri n'kuvulaza mtengo. Gwira ndodo choncho. Mphamvu zili m'chiuno ndi m'miyendo, m'zala mulibe."

Chovuta chinali dzanja lamanzere. Linazolowera ulendo wake wa pamtima ndipo silinkamva zonena za munthu. Ada Kamanga analimangirira ku ndodo ndi chingwe cha mphira. Masiku awiri oyamba mipira inkangokwawa pansi, mbuzi osasuntha n'komwe. Lachisanu la sabata yachiwiri mpira umodzi unanyamuka, unalira, n'kukagwa pa udzu wa tsidya linalo. Sabina anadumpha. Mkuluyo anangoyang'ana kumbali n'kumapukuta magalasi nthawi yaitali.

Koma amayi ake anali asanawauze. Anayesa kawiri. Ulendo woyamba anawapeza atatopa, akupaka mafuta m'miyendo, ndipo anati adikire mawa. Ulendo wachiwiri anayamba ndithu.

"Amayi, za gofu zija..."

"Ee, Lolemba lija unandikumbutsa kutali," anamudula a Alice akumwetulira. "Unaima ngati mmene anaimira tsiku limene anapambana mbuzi pa mpikisano wa makadi. Anabwera nayo kunyumba akuikoka, iyo ikukana, anthu a m'makomboni akuwaseka. Umati chiyani?"

"Ayi, palibe."

Choncho Sabina anapeza nzeru imene ankaiona ngati yabwino. Masiku ena onse ankamenya mwatsopano. Lolemba, amayi ake akakhala pansi pa mango, ankaimitsa ndodo pachifuwa n'kuika dzanja pamtima monga kale. Anachita zimenezi Malolemba awiri.

Ada Kamanga sanali akhungu. "Sunawauze," anatero Lachiwiri lake.

Sabina anayang'ana pansi.

"Mvera, mwana wangu. Thupi si wailesi yoti uzisintha siteshoni ukafuna. Limaphunzira chinthu chimodzi n'kuchisunga. Ukaliphunzitsa ziwiri, tsiku limene mtima ukugunda kwambiri lidzakupatsa theka la ichi ndi theka la icho, ndipo udzapezeka wopanda chilichonse. Komanso usaganize kuti ukuwachitira chifundo ama wako. Ukungodzichitira chifundo wekha, chifukwa ukuopa kuona nkhope yawo. Ine ndinakhala chete zaka makumi awiri, ndipo taona chimene kukhala chete kwanga kwakuchita. Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Ine sindikawauza. Mawu amenewo ndi ako."

Masiku asanu ndi limodziwo anatha Sabina asanatsegule pakamwa.

5. Tsidya linalo

Tsiku litafika, kubwalo kunadzaza anthu kuposa masiku onse. Ocheka labala anabwera ndi magambuti awo. Akazi a ku nazale anaperekeza a Alice, omwe anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Mayi Jere anatulutsa mipira itatu yatsopano n'kuipereka kwa Sabina.

Sabina anaika woyamba pa kamtengo kokhazikapo mpira. Anayang'ana dambo, kenako anayang'ana pansi pa mango, ndipo maso ake anakumana ndi a amayi ake. Anakoka ndodo. Inapitirira chifuwa, koma phewa linagwedera lokha pakati panjira, dzanja lamanzere linamasuka mpira usanamenyedwe. Mpirawo unauluka pang'ono n'kugwera pakati pa mabango. Achule anakhala chete.

"Dickson ameneyo," anatero bambo wina kumbuyo, ndipo ena anaseka mwachikondi.

"Yatsala iwiri," anatero Mayi Jere, "ndipo iyenera kuwoloka yonse."

Ada Kamanga anangopinda manja. Anali atanena kale zonse.

Sabina anapukuta manja pa siketi. Anadziwa kuti nthawi yosangalatsa mbali ziwiri yatha. Anaika mpira wachiwiri, ndipo ulendo uno sanayang'ane pansi pa mango. Anatembenuka mpaka phewa litalowa pansi pa chibwano. Anawerenga wani. Chiuno chinayamba, manja anatsatira, ndipo onse awiri anakhalabe pa ndodo mpaka itafika kuseri kwa khosi.

Mpira unakwera, unapitirira mabango, n'kukagwa pa udzu wouma tsidya linalo. Anthu anatenga kanthawi asanaombe m'manja, chifukwa kamenyedwe kameneko ambiri anali asanakaonepo.

Wachitatu unapita patali kuposa wachiwiri.

Mayi Jere anatseka kabuku kawo. "Malo ndi ako, Sabina. Sindikudziwa chimene wadya masabata atatuwa, koma usasiye." Anatulutsa pepala m'chikwama. "Ili ndi la chilolezo. Kholo lisaine, ndipo lindipeze ku Mzuzu pofika Lachisanu. Popanda siginecha sindingakutenge."

Anthu anamuzungulira Sabina, uyu kumugwira chanza, uyu kumusisita pamsana. Atatuluka m'gulumo anaona kuti pansi pa mango palibe munthu. Amayi ake anali atalowa kale m'kanjira ka pakati pa mitengo ya labala, akuyenda okha, anzawo a ku nazale atawasiya m'mbuyo. Sabina anawathamangira, pepala lili m'manja.

"Amayi, dikirani. Ndapambana."

"Ndaona," anatero a Alice osaima.

"Pepani, ndinayenera kukuuzani kale. Ada Kamanga anandiuza zoti bambo anavulala phewa. Dzanja lija sankaliika pamtima chifukwa cha matama. Kunali kupweteka, amayi. Inu simunkadziwa, koma..."

Pamenepo a Alice anaima n'kutembenuka. M'maso mwawo munali mofiira.

"Sindinkadziwa? Phewa limenelo ndinalithowa ndi madzi otentha zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Malaya ndinkawaveka ndine nthawi yozizira. Palibe chimene Ada Kamanga angandiphunzitse za phewa la mwamuna wanga."



"Ndinkadziwa kuti ndi ululu," anapitiriza a Alice. "Koma ndi mmene ndinawadziwira. Wa mpira wolira mluzu uja ine sindinakhale naye m'nyumba. Wanga anali wa dzanja la pamtima, ndipo lero ndamuikanso m'manda kachiwiri, anthu akuomba m'manja. Ukanandiuza, ndikanabwera nditakonzeka kudzatsanzikana naye."

"Ndinkaopa, amayi."

"Nanenso ndimaopa zinthu zambiri, koma iwe ndimakuuza."

Kumsewu kunamveka kagalimoto ka Mayi Jere kakunyamuka. Sabina anatambasula manja onse awiri, pepala lili pakati, mutu ataweramitsa. A Alice analiyang'ana, koma manja awo anakhalabe m'chitenje.

"Liike m'thumba mwako," anatero. "Lero sindingaligwire."

"Likufunika Lachisanu."

"Ndamva. Masabata atatu unandibisira. Nawenso dikira."